Loweruka ku Olney, kumanda a John Newton

Lero sindinali pantchito, ndiye mlamu wanga anati tikawongole miyendo ku Olney, kuno ku England. Tinanyamuka ku Milton Keynes cha m'ma 10 koloko, kunja kuli mitambo ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Si patali. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Great Ouse, ndipo nsanja yosongoka ya tchalitchi cha St Peter and St Paul imaonekera muli kutali.

Chinandikoka ine ndi nyimbo ya Amazing Grace. Ndakhala ndikuiimba kuyambira ndili mtsikana wa kwaya kumudzi, ndipo ndinkafuna kuponda pomwe inabadwira. Mwini mawu ake, John Newton, anali wansembe wa Anglican kuno. Anailemba pokonzekera ulaliki wa tsiku loyamba la chaka cha 1773, wochokera pa 1 Mbiri 17, pomwe Davide akufunsa Mulungu kuti iye ndani kuti amufikitse pamenepo.

Tinayambira kunyumba yomwe ankakhala mnzake, mlakatuli William Cowper, yomwe pano amasungiramo zinthu zakale za awiriwa. Nkhani yomwe ndinakulira ndi yoti Newton anali wamalonda a akapolo, namondwe anamuopsa panyanja, analapa, basi n'kusiya. Koma lero nditayamba kuwerengera zaka ndi zala, mtima wanga unalemera.

Namondweyo anali wa mu 1748, m'sitima yotchedwa Greyhound, ndipo n'zoona kuti Newton anafuulira Mulungu. Koma ukaputeni wa sitima zonyamula akapolo anauyamba pambuyo pake. Kuyambira 1750 mpaka 1754 anayenda maulendo atatu kugombe la kumadzulo kwa Africa. Munthu akuwerenga Baibulo m'chipinda chake, akulembera mkazi wake Mary makalata achikondi, pomwe pansi pa mapazi ake anthu akuda ngati ine ali m'maunyolo. Ndipo chinamuchotsa panyanja ndi matenda amene anamugwira mwadzidzidzi, osati chikumbumtima.

"Alamu, mwangoti zii bwanji?" anandifunsa mlamu wanga. Ndinawauza. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Komatu anadzalankhula." Inde analankhula, mu 1788, m'kabuku komwe anaulula nkhanza zomwe anaziona ndi kuzichita, n'kuvomera kuti zimamuchititsa manyazi. Koma panali patapita zaka 34. Anthu angati anawoloka nyanja ija m'zaka zimenezo?

Komabe sindingamunamizire: ubusa anaugwira ndi mtima wonse. Unsembe sunabwere mophweka. Analibe maphunziro a kuyunivesite, ndipo anapempha kwa zaka zingapo akukanidwa, uku akugwira ntchito ya zamsonkho padoko la Liverpool n'kumadziphunzitsa Chigiriki ndi Chiheberi. Anadzozedwa mu 1764 munthu wina wolemekezeka, Lord Dartmouth, atamuyankhulira, ali ndi zaka pafupifupi 39. Olney inali ya amphawi, amayi ambiri ankapeza chakudya poluka lesi. Iye ankawayendera m'makomo, ankasonkhanitsa ana, ankachititsa mapemphero a mkati mwa sabata, mpaka tchalitchi chinachepa n'kuwonjezeramo malo okhala m'mwamba. Nyimbo ankalembera anthu amenewa, m'mawu osavuta oti woluka lesi awagwire. Cowper atadwala matenda a maganizo, Newton anamusunga m'nyumba mwake kwa nthawi yoposa chaka. Buku lawo la nyimbo, Olney Hymns, linatuluka mu 1779, kenako Newton anasamukira kutchalitchi cha St Mary Woolnoth ku London. Kumeneko ndi komwe William Wilberforce, phungu amene anadzatsogolera nkhondo yothetsa malonda a akapolo, anamupeza mu 1785, akuganiza zosiya ndale, Newton n'kumulangiza kuti akhalebe m'nyumba ya malamulo.

Titadya kamba wathu pabenchi, tinatsikira kumanda. Manda a Newton ali pakona, kuseri kwa tchalitchi. Anamwalira ku London mu Disembala 1807, chaka chomwe Britain inaletsa malonda a akapolo, ndipo mafupa ake ndi a mkazi wake anawabweretsa kuno mu 1893. Mawu a pamwalapo anadzilembera yekha, ndipo sanabise kuti anali wosakhulupirira ndi wotayirira. Ndinaima nthawi yaitali. Mlamu wanga anayamba kung'ung'udza nyimbo ija chapansipansi, ine mawu anandikanira pakhosi. Ndinkaganiza za aja amene alibe mwala, alibe dzina, amene anangolembedwa manambala m'buku la kaputeni. Ndinawapempherera iwo poyamba, kenako iye.

Tafika kunyumba mdima utagwa, mapazi atazizira. Mawa ndi ine woyambitsa nyimbo kutchalitchi, ndipo ndawaimbira foni amayi otsogolera kwaya kuwapempha kuti tisanaimbe ija andipatse mphindi ziwiri ndifotokoze za zaka za 1750 mpaka 1754. Avomera.