Kachipangizo kopumiramo ndi mtanda wa kondowole

M'mawa uliwonse, ndisanatsuke m'kamwa, ndisanalawe n'khofi yemwe, ndimakhala pakhonde kuno ku Katoto, chifunga chili tolo, n'kupumira m'kachipangizo kakang'ono ngati tochi. Achemwali anga ndi amene anandigulira ku Johannesburg atamva kuti adokotala andiuza ndichepetse thupi, shuga wayamba kukwera.

Kamayeza acetone. Munthu ukasiya nsima, mpunga, buledi ndi zotsekemera, mpaka sitachi ndi shuga osapitirira magalamu 50 patsiku, thupi limayamba kuwotcha mafuta ake. Chiwindi chimaphwanya mafutawo n'kupanga ma ketone, ndipo acetone, mmodzi mwa iwo, amatuluka ndi mpweya. Fungo lake ndi lija la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Sensa ya m'katimo ikamukhudza, nambala imaoneka pa kagalasi; ikakwera, ndiye kuti thupi likuwotcha mafuta. Palibe kubaya chala, palibe kugula timapepala toyezera. Koma kamafuna mpweya womalizira, wa pansi pa mapapo. Masiku oyamba ndinkangouzira ngati ndikuzimitsa kandulo, nambala n'kumangodumphadumpha.

Nditadya usipa, mazira, mapeyala ndi mpiru wotendera kwa sabata yathunthu, nambala inafika pa 9. Loweruka lake tinapita kukaona apongozi ku Nkhata Bay. Anaphika kondowole ndi nsomba ya batala, n'kundiyang'ana m'maso: "Mwana wanga, mukana nsima ya pakhomo pano?" Ndinasamba m'manja, mitanda iwiri n'kutha, ndipo inakoma. Lamulungu m'mawa kagalasi kanaonetsa 2. Zinanditengera masiku anayi kuti ndibwerere pomwe ndinali. Kuyambira pamenepo ndinamvetsa zomwe chinangwa chimachita m'thupi mwanga, kuposa zonse zimene ndinauzidwapo ndi pakamwa.

Chomwe chandilembetsa lero ndi ichi. Anzanga oyandikana nawo nyumba ali ndi mnyamata wodwala shuga, wobaya insulin. Usiku wina anagogoda kudzabwereka kachipangizoka, ati mwana akusanza ndipo m'kamwa mukununkha ngati zipatso zovunda. Mtima unandigunda. Kwa munthu wobaya insulin, ma ketone akachuluka shuga alinso pamwamba, magazi amasanduka a asidi, ndipo zimapha. Kusanza, ludzu losatha, kupuma mwabefu, zonsezo si zoyezera pakhonde.

Ndinati, "Amake mwana, kachipangizoka kasiyeni, mufunditseni bulangeti tizipita." Bambo a kunyumba analiza galimoto, ulendo wa ku Mzuzu Central Hospital. Mnyamatayo anagonekedwa masiku atatu, ndipo dzulo ndamuona akupalasa njinga ulendo wa kusukulu.