Mmene tinagulitsira nyumba yathu n'kugula ina msika uli pendapenda

Nyumba yathu yoyamba inali ya zipinda ziwiri zogona, ndipo tinakhalamo zaka 11. Mwana wachitatu atabadwa inatichepera. Amayi anga nawonso anali atayamba kudwaladwala, moti tinkafuna adzakhale nafe. Kusamuka kunali kosapeweka, koma nthawi yake inali yoipa. Mabanki ankangokweza chiwongoladzanja, nyumba zogulitsa zinkatha miyezi osapeza mwini watsopano, ndipo aliyense amene tinkamufunsa ankanena zake. Uyu akuti dikirani, mitengo igwa posachedwa. Uyo akuti gulani lero, mawa simudzakwanitsa. Ine tulo tinkandisowa.

Chimene chinayamba kundikhazika mtima pansi ndi pepala ndi cholembera. Usiku wina ana atagona, amuna anga anati, "Amake mwana, tiyeni tisiye kaye kulira mtengo wa nyumba ino. Tione ndalama imene tiwonjezere kuti tipeze inayo." Tinayerekeza kuti yathu ndi ya 100, imene tikufuna ndi ya 150. Yowonjezera ndi 50. Mitengo yonse ikatsika ndi 10 peresenti, yathu ifika pa 90, inayo pa 135, yowonjezera n'kukhala 45. Ikakwera ndi 10 peresenti, yathu ikhala 110, inayo 165, yowonjezera 55. Ndinayang'ana manambalawo kwa nthawi ndithu. Masiku onsewo ndinkaopa kutsika kwa mitengo, chonsecho kwa munthu amene akuchoka m'nyumba yaing'ono kupita m'yaikulu kutsikako kumamuthandiza. Amene kumamupweteka ndi wogulitsa yaikulu kuti agule yaing'ono, kapena wogulitsa amene sagulanso ina. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa anthu kuti msika ulowera kuti, chifukwa ndinaona kuti nawonso ankangolota.

Tisanaonetse munthu aliyense nyumba yathu, tinayamba tapita kubanki. Ndikulimbikitsa aliyense kuyambira kumeneko. Mayi amene anatithandiza anatiwerengera motere: pa 100,000 iliyonse yobwereka, kaya ndi ndalama ya dziko liti, ngongole ya zaka 20 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti imafuna pafupifupi 965 mwezi uliwonse. Pa 965 ya mwezi woyamba, 833 ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo 132 yokha ndi imene imachepetsa ngongoleyo. Chiwongoladzanja chikafika pa 13 peresenti, malipiro a pamwezi amafika pafupifupi 1,172. Nyumba ndi yomweyo, ngongole ndi yomweyo, koma mwezi uliwonse m'thumba mukutuluka ndalama yochuluka ndi 21 peresenti. Ndinawafunsa ngati kukwera kotere kumachitikadi. Anandiuza kuti ndikawerenge za ku America, ndipo ndinapeza kuti kumeneko chiwongoladzanja cha ngongole yanyumba ya zaka 30 chinali pa 2.65 peresenti mu Januwale 2021, koma pofika Okutobala 2023 chinali pa 7.79 peresenti. Zaka zosakwana zitatu.

Choncho tinadziikira malire. Banki inali yokonzeka kutibwereka ndalama yambiri, koma ife tinawerengera ngati kuti chiwongoladzanja chakwera kale ndi 3 peresenti, n'kuona ngati tingalipirebe ana osagona ndi njala. Ndalama imene inatuluka pamenepo ndi imene tinaitenga ngati mphamvu yathu yeniyeni. Tinafunsanso ngati chiwongoladzanja chawo ndi chokhazikika kapena chosinthasintha, ngati ndi chokhazikika ndi cha zaka zingati, komanso ngati pali chindapusa munthu akafuna kumaliza ngongole nthawi isanakwane. Anatipatsa kalata yosonyeza ndalama imene angatibwereke. Kalata imeneyi ili ndi tsiku lothera ntchito, ndipo si lonjezo lomaliza. Ku Britain mu Seputembala 2022, boma litalengeza mapulani ake ochepetsa misonkho n'kusokoneza misika ya ndalama, mabanki anachotsa mitundu yambirimbiri ya ngongole zanyumba m'masiku ochepa chabe. Tsiku lothera kalata yathu ndinalilemba pakalendala.

Kenako panabwera funso limene tinakanganapo kwambiri: tiyambe kugula kapena kugulitsa? Amuna anga ankaopa kutsala opanda pokhala. Ine ndinkaopa kusenza ngongole ziwiri nthawi imodzi. Pali ngongole yakanthawi imene mabanki ena amapereka kuti munthu agule nyumba yatsopano yakale isanagulidwe, koma chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera, ndipo imadalira kuti nyumba yakaleyo igulidwe msanga. Pamsika wozizira palibe amene angakulonjezeni zimenezo. Tinagwirizana zoyamba kugulitsa, ngakhale zitatanthauza kukhala kaye palendi. Ndikukhulupirirabe kuti pa zonse zimene tinasankha, ichi ndicho chinatipulumutsa.

Tinaitana maajenti atatu ogulitsa nyumba, ndipo anatipatsa mitengo itatu yosiyana. Wachitatu anatchula mtengo wokwera kwambiri, mtima wanga n'kukomedwa. Mwamwayi tinalipiranso katswiri woyeza mtengo wa nyumba, amene analibe gawo pa malondawo. Iyeyu anayeza zipinda, anayang'ana denga ndi makoma, n'kutionetsa nyumba zofanana ndi yathu zimene zinagulidwa miyezi ingapo yapitayo. Anati, "Mayi, mtengo umene mumauona pachikwangwani ndi zofuna za mwini wake. Mtengo weniweni ndi umene wogula analipira." Wake unali wotsika kuposa ya maajenti onse atatu. Ndi ajenti amene tinamusankha tinalemberana pangano la miyezi itatu yokha, lonena komishoni yake komanso kuti adzalandira malonda akatha.

Nyumbayo tinaikonza zazing'onozing'ono basi: penti, mpopi wodontha, chitseko chimene chinkakana kutsekeka. Pafelemu ya chitseko cha kuchipinda kwa ana panali timizere ta pensulo tosonyeza msinkhu wa mwana aliyense chaka ndi chaka, tsiku lake litalembedwa pambali. Ndinajambula kaye chithunzi, kenako ndinadutsapo ndi bulashi ndekha. Sindinafune kuti achite munthu wina.

Apa ndi pamene tinalakwitsa. Ngakhale katswiri uja anatiuza zoona, tinaika mtengo wapamwamba, poganiza kuti wogula akadzanenerera tidzakumana pakati. Masabata asanu ndi limodzi anadutsa, anabwera kudzaona anthu anayi okha, ndipo palibe anabwereranso. Nyumba ikakhalitsa pamsika anthu amayamba kuikayikira, amaganiza kuti ili ndi chilema chobisika. Masabata oyambirira ndi amene ogula ambiri amaiona, ndipo ife tinawataya. Tinatsitsa mtengo kamodzi, mokwanira, mpaka pafupi ndi umene katswiri ananena. Kutsitsa pang'onopang'ono kumangouza ogula kuti adikire, mutsitsanso.

Patangotha masiku 10 anapezeka bambo wina amene anavomera mtengo wathu. Tinasangalala, tinauza achibale, ine ndinayamba kulongedza mbale m'makatoni. Sitinamufunse ngati banki yake yamuvomereza. Patapita masabata asanu ndi awiri, banki yakeyo inatumiza woyeza mtengo wake, amene anati nyumbayo ndi yotsikirapo kuposa mtengo tinagwirizana. Banki imabwereketsa potengera mtengo umene yayeza yokha, chifukwa nyumbayo ndiyo chikole chake. Bamboyo analibe ndalama yokwaniritsira pamene panaperewera, ndipo malonda anafera pomwepo. Ndinatulutsanso mbale m'makatoni ndikulira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Kuchokera pamenepo, aliyense wofuna kugula tinkamufunsa zinthu zitatu asanatchule n'komwe mtengo: kalata ya kubanki muli nayo? Ndalama yoyambira, imene mulipire nokha, ndi yochuluka bwanji? Kodi nanunso mukudikira kugulitsa nyumba ina? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa malonda a nyumba amalumikizana ngati unyolo. Wanu akudikira wake, wakeyo akudikiranso wina, ndipo mmodzi akagwa onse amagwa. Anabwera anthu awiri sabata imodzi. Wina anatchula ndalama yokwererapo koma ankadikira kugulitsa yake. Winayo, mayi wachikulire, anatchula yotsikirapo koma anali ndi kalata m'manja ndiponso ndalama yoyambira yokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengowo. Tinasankha mayiyo. Ajenti sanakondwe, ife tinagona tulo.

Zotsala zinali za loya. Pangano linalembedwa: mtengo, dipoziti, tsiku lopereka makiyi, zinthu zotsala m'nyumba, ndi zimene zichitike wina akabwerera m'mbuyo. Dipoziti inasungidwa muakaunti ya loya, osati m'manja mwathu kapena mwa ajenti. Ndalama yonse itafika, loya anayamba walipira ngongole yathu yakale kuti banki ichotse dzina lake pamapepala a umwini, yotsalayo n'kutipatsa. Chenjezo limodzi limene anatipatsa sindiliiwala. Anati tikalandira uthenga pafoni kapena pa imelo wonena kuti nambala ya akaunti yasintha, tisatumize kanthu tisanamuimbire pa nambala imene tikuidziwa kale, chifukwa akuba amalowerera pamalonda otere.

Tinakhala palendi miyezi inayi, katundu wina ali m'makatoni osatsegula. Zinali zopanikiza, ndipo kusamuka kawiri kumadya ndalama. Koma tsopano ogula aja amene aliyense akuwafuna tinali ife: ndalama ili kubanki, kalata ili m'manja, palibe chimene tikudikira. Pa nyumba iliyonse ndinkafunsa kuti yakhala pamsika nthawi yaitali bwanji, mtengo wake unatsitsidwapo kangati, ndipo mwini wake akugulitsiranji.

Nyumba yoyamba imene ndinaikonda inali yowala bwino, ya khonde lalikulu loti amayi azikhalapo. Tinalipira katswiri wa zomangamanga kuti aiyendere. Anakwera m'denga ndi tochi, anayatsa mipopi yonse, anatsegula ndi kutseka zenera lililonse. Kenako anagwada pakona ya chipinda chodyera, n'kupalasa penti ndi chikhadabo. Penti inali yatsopano, koma pansi pake panali mng'alu woyenda ngati masitepe, kutsatira mizere ya njerwa kuchokera pansi mpaka pazenera. Anatitengera kunja, mng'alu womwewo unkaonekeranso kumeneko. Anati, "Bambo, mayi, apa maziko akutsika. Kukonzeka kumakonzeka, koma palibe amene angakuuzeni mtengo wake asanakumbe." Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinangopukusa mutu. Tinaisiya, ngakhale mtima unatsala pakhonde lija kwa masiku angapo.

Yachiwiri inalibe kukongola kotero, koma inali yolimba. Vuto lake linali denga lodontha mbali imodzi. Tinatenga mitengo yokonzera kwa amisiri awiri, n'kupempha mwini wake kuti achotse ndalamayo pamtengo. Nyumbayo inali itakhala pamsika miyezi isanu, ndipo anavomera tsiku lomwelo. M'pangano tinalembetsa kuti malonda adzatheka pokhapokha banki ikativomereza ngongole, ndipo ikakana dipoziti yathu idzabwezedwa. Zimene zinachitikira bambo uja sindinafune zitichitikire.

Loya wathu anakafufuza kuofesi yolembetsa malo: ngati dzina la pamapepala ndi la wogulitsayo, ngati nyumbayo si chikole cha ngongole ina, ngati palibe wina amene anaikapo chiletso, ngati malire a pamapu akugwirizana ndi mpanda umene tikuuona. Anapeza kuti chipinda chimodzi chinawonjezeredwa popanda chilolezo. Tinadikira masabata atatu kuti mwini wake akonze zimenezo, uku ine ndikuyang'ana tsiku lija la pakalendala. Kalata ya kubanki inatsala ndi masiku 12 pamene zonse zinalongosoka.

Pa ndalama imene tinapeza titagulitsa nyumba yakale, tinayamba tachotsapo msonkho wosinthira umwini, malipiro a loya, a woyeza mtengo wa banki, inshuwalansi, zosamukira ndi zokonzera denga. Tinapatulanso ndalama yokwanira kulipira ngongole miyezi isanu ndi umodzi, yosakhudza. Yotsala yonse tinailowetsa monga ndalama yoyambira, kuti tibwereke zochepa. Achibale ena anati tikuchita mantha osayenera, nyumba siitsika mtengo. Imatsika ndithu. Ku America, kuyambira 2006 mpaka 2012, mitengo ya nyumba inagwa ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo anthu mamiliyoni anapezeka kuti ngongole yawo yaposa mtengo wa nyumba imene akukhalamo. Amene anavutika kwambiri ndi amene anabwereka pafupifupi mtengo wonse kenako n'kukakamizika kugulitsa nthawi yoipayo. Ife nyumbayi tikufuna kukhalamo mpaka ana atakula, choncho mtengo wake wa chaka chamawa sukundidetsa nkhawa ngati mmene zikanakhalira malipiro a pamwezi akanakhala otiposa.

Makiyi tinalandirira kuofesi ya loya, ali mu envulopu, pamodzi ndi kapepala kolembapo manambala a mita ya madzi ndi ya magetsi. Tsiku lomwelo tinasintha maloko. Amayi analowa pang'onopang'ono atagwira ndodo yawo, anayendera zipinda zonse, n'kuima m'chimene zenera lake layang'ana kum'mawa. "Mwana wanga, bedi langa muliike apa," anatero. Madzulo ake ndinatenga pensulo, ndinaimika ana atatu pafelemu ya chitseko cha kuchipinda kwawo mmodzimmodzi, n'kulemba tsiku pambali.