Wanjinga nayenso msewu ndi wake

M'mawa uno pa Chinamwali ku Zomba minibasi yapitirira wakabaza, kenako n'kukhotera kumanzere pomwepo kuti inyamule munthu. Mnyamatayo wagwera m'ngalande pamodzi ndi mayi amene anawanyamula, dalaivala osatsika n'komwe, kondakitala ali kalikiliki kuitanira a ku Liwonde. Zimenezi zatikwana.

Madalaivala, msewu wa M3 si wanu nokha. Popitirira njinga siyani mpata wa mita ndi theka, ndipo ngati kutsogolo kukubwera galimoto ina, pondani buleki mudikire kaye. Hutala wapafupi amadzidzimutsa munthu, chiwongolero n'kugwedezeka, ndipo njinga yosenza matumba awiri a makala kapena munthu pakaliyala sibwerera msanga pamzere. M'mphepete mwa phula m'malo ambiri ndi mokumbika, tayala likatsikira m'menemo limakana kukweranso. N'chifukwa chake wanjinga amaoneka ngati akukakamira pakati, si matama ayi. Mukaima cha kumsika, yang'anani pagalasi musanatsegule chitseko.

Inunso akabaza, musamalowe kumanzere kwa lole kapena basi imene ikufuna kukhota. Dalaivala sakuonani pamenepo, komanso matayala akumbuyo amadutsa pafupi ndi kona kuposa akutsogolo. Mvula ikagwa, mabuleki amachedwa kugwira pa limu yachitsulo yonyowa, ndiye yambani kuwafinya muli patali, makamaka pamtsetse wochokera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba. Labala wa buleki akatha sinthani, zoimitsa njinga ndi patapata patayala zija zisiyeni. Kukada valani chonyezimira, kumbuyo kukhale lifulekita yofiira, kutsogolo tochi.