Katoni ya zimbale za Soja pansi pa kauntala yathu

Shopu yathu ili kuno ku Balaka, chakufupi ndi depoti. Achinyamata a lero amatidziwa ngati anthu obwereketsa masipika pa zikwati ndi zinkhoswe, ogulitsa machaja, mahedifoni ndi ma memory card. Koma ife tinayamba ndi makaseti, ndipo mtima wanga mpaka pano unatsalira komweko.

Munali mu 1998. Tinagulitsa thonje la chaka chimenecho, mayi a kunyumba n'kunena kuti ndalamazi tisazidye zonse, zina zikhale mpamba. Ndinagula thebulo, benchi, ndi wailesi ya kaseti yodya mabatire 6. Ndinkadzuka m'bandakucha kukakwera minibasi ya ku Limbe kukaoda kwa O.G. Issa, kumene ambiri ogulitsa nyimbo masiku amenewo ankapita, madzulo n'kubwerera chikwama chili tho pamiyendo, osalola kondakitala kuti achiike kumbuyo. Kaseti ikaphwanyika chikuto, kasitomala amaiona ngati yogwiritsidwa kale ntchito.

Kugulitsa nyimbo ku Balaka kunali ngati kugulitsa nsomba kunyanja: aliyense ndi katswiri. Kuno ndi kwawo kwa Alleluya Band, kwawo kwa a Paul Banda, ndipo mayimbidwe amene dziko lonse linkawatchula kuti a ku Balaka anabadwira m'misewu yomweyi. Mng'ono wawo wa a Paul, Lucius Banda wa kwa Sosola, amene tonse tinkangomuti Soja, anali atatulutsa kale Son of a Poor Man, Down Babylon ndi Cease Fire, ndipo bandi yake ya Zembani Band inali itangoyamba kumene mu 1997. Ndiye munthu akaima pa thebulo langa sankafuna kuti ndimuuze kuti woyimbayu ndi ndani. Ena anaphunzira naye sukulu, ena ankapemphera naye, ena ankati ankamuona akunyamula zida za bandi ali kamnyamata.

Lamulo langa linali limodzi, ndipo silinasinthe: munthu amve kaye, agule pambuyo. Ndinkatsegula kaseti imodzi pa chimbale chilichonse chatsopano kuti ikhale yomvetsera. Pofuna kusunga mabatire, ndinkabweza tepi ndi bolopeni, kuilowetsa pa kabowo n'kumazunguza m'mwamba uku tikucheza. Benchi ija ndiyo inandiphunzitsa bizinesi kuposa buku lolembamo zogulitsa, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndinkaona nkhope ya munthu nyimbo yoyamba ikangoyamba.

Chimbale cha Soja chikamayandikira, anthu ankayamba kufunsa kudakali masabata atatu. "Achimwene, yafika?" Madalaivala a minibasi ankangoliza hutala akudutsa, ine n'kupukusa mutu. Ena ankasiya ndalama kuti ndiwasungire. Mmodzi mwa makasitomala anga okhulupirika anali aphunzitsi ena a pa pulayimale ina ya kumudzi, bambo ofatsa, ankabwera pa njinga mwezi ukatha atalandira. Analibe chimbale chosowa. Ankazisunga m'katoni ya nsapato, chilichonse atalembapo tsiku limene anagula.

Chimbale chimene sindidzaiwala malonda ake ndi Cell 51 Maximum. Soja anali atalowa ndale, n'kukhala phungu wa Balaka North mu 2004, kenako mu 2006 anamangidwa n'kukakhala kundende ya Zomba miyezi ingapo. Atatuluka, dziko lonse linkafuna kumva kuti munthuyu abwera ndi mawu otani. Dzina la chimbale lokha linali lokwanira. Katundu amene ndinaoda anatha tsiku lachiwiri dzuwa lisanafike paliwombo, ndinabwereranso ku Limbe kawiri sabata imodzi. Anthu sankafuna n'komwe kukhala pa benchi, ankangotambasula dzanja ndi ndalama. Zinachitikanso chimodzimodzi mu 2010 pamene 15:15 My Song inaletsedwa kuseweredwa pa MBC. Chimene wailesi yakana, anthu amachifunafuna pa msika.

Zaka zimenezo zinandiika maganizo olakwika m'mutu. Ndinayamba kukhulupirira kuti dzina la Soja likangolembedwa pa chikuto, katundu wadzigulitsa yekha.

Nthawi imeneyi makaseti anali akupita, ma CD atalowa, thebulo lija litasanduka kashopu ka njerwa zootcha. Koma pafupi nafe panatsegulidwa timalo ta anyamata a makompyuta obena nyimbo. Munthu ankapereka ndalama yochepa n'kutuluka ndi nyimbo mazanamazana pa fulashi. Mphwanga wina amene ankandithandiza mu shopu anandiuza kangapo kuti: "Ankolo, tigule kompyuta basi, anzathu akudya bwino." Ndinakana. CD iliyonse imene ndinkagulitsa inali ndi kachidindo konyezimira ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oyimba ndi aluso ena, ndipo sindinkaona mmene ndingabere nyimbo za munthu amene abale ake ndimakumana nawo pa msika ndi pa maliro. Pa chimenechi sindinong'oneza bondo, ngakhale chinatidyera makasitomala ambiri.

Ndiye mu 2018 kunamveka kuti Soja akutulutsa Crimes. Panali patapita zaka zitatu chitulutsireni Thank You, ndipo mafunso aja anayambiranso pakhomo pathu. Ndinaona ngati masiku akale abwerera. Ndinatenga ndalama imene tinkasungira malata a nyumba n'kuoda ma CD 120. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sananene kanthu.

Tsiku limene katundu anafika, benchi inadzaza, ena anaima m'khonde, akabaza anaimika njinga zawo. Ndinaika CD mu wailesi, n'kukweza. Nyimbo yoyamba isanathe n'komwe, mkangano unali utabuka. Dalaivala wina ankati Soja wafewa, ndale zamudya, munthu sungakhale ku Nyumba ya Malamulo n'kumayimbanso ngati wa mu ghetto. Wina anamudula kuti ayi, vuto lake n'loti sasintha, zaka zonsezi nkhani zake n'zomwezomwezo. Anthu awiri, nyimbo imodzi, wina akuti wasintha kwambiri, wina akuti sasintha. Anyamata a mafoni ankangoseka, akuti izi ndi za madala, iwo awo ndi a urban. Ndipo ambiri mwa amene ankakangana mokweza anali atamva kale nyimbozo pa WhatsApp. Anabwera kudzatsutsana, osati kudzagula.

Aphunzitsi aja, amene panthawiyi anali atapuma pa ntchito, anagula monga mwa nthawi zonse. Patapita masiku awiri anabweranso CD ili m'thumba la jekete. Anaiika pa kauntala mwaulemu, n'kunena motsitsa mawu kuti: "Achimwene, mundikhululukire. Uyu si Soja amene ndimamudziwa ine." Sanafune kuti ndiwabwezere ndalama, anangopempha kuti ndiwasinthire ndi mabatire ndi tochi. Zinandipweteka kuposa phokoso lonse la pa benchi lija, chifukwa bambowa sankayankhula zopanda pake.

Ndakhala ndikuiganizira nkhani imeneyi zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi awa. Munthu akamadikira chimbale chatsopano cha woyimba amene anakula naye, sadikira nyimbo zokha. Aphunzitsiwo anamva nyimbo ya Soja ya Mabala koyamba ali mnyamata, dziko likutuluka kumene mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene kungomva munthu akuyimba poyera zimene anthu ankanong'onezana kunkaimitsa tsitsi. Kumva kumeneko ndi kumene ankakufuna mu CD ya 2018. Koma woyimba wa zaka za m'ma 40, amene waona ndende, waona Nyumba ya Malamulo, waika m'manda anzake oyimba nawo, sangakubwezereni 1994. Ngakhale akanayimba ndendende ngati kale, khutu lomvera silinali lakale. Timamusenzetsa woyimba katundu amene si wake, ndipo akalephera kumunyamula timati wathera nzeru. Ine ndimaona kuti si chilungamo, ndipo ndinkawauza anthu pa benchi pomwepo, ngakhale ena ankati ndikungoteteza malonda anga.

Malondawo sanatetezeke. Miyezi itatu itatha ndinali nditagulitsa ma CD 31 okha. Mvula ya chaka chimenecho inatipeza denga lathu likudontha, tinkatchera mabeseni m'chipinda cha ana. Chakudza sichiyimba ng'oma, akuluakulu anatero, koma ichi chinayimba ng'oma ndithu, ine ndi amene sindinkamva. Anthu anali atasiya kale kugula mawailesi a CD, minibasi zonse zinali pa fulashi, ndipo ine ndinawerenga mafunso a anthu ngati ndalama.

Amene anatiwongolera njira ndi mayi a kunyumba. Usiku wina tikuwerengera zotsala anati: "Abambo, anthu sanasiye kukonda nyimbo. Asiya kuzinyamula m'manja. Tiziwapititsira nyimbozo kumene asonkhana." Anakatenga ngongole ku banki m'khonde ya amayi anzawo, tinagula masipika awiri, ampu, maikolofoni ndi kajenereta kakang'ono koti magetsi akazima mwambo usaime. Chinkhoswe choyamba tinakayimba kwa neba, anatilipira theka ndalama, theka nkhuku. Lero tili ndi masipika 8, anyamata atatu amene amadya pa ntchitoyi, ndipo kuyambira August mpaka December Loweruka lililonse timakhala tili kwinakwake, nthawi zina mpaka ku Ntcheu ndi ku Liwonde. Nyumba tinafolera mu 2020.

Ntchito ya pa zikwati inandionetsa mbali ina ya anthu omwe aja. Pa perekaniperekani ndimakhala kuseri kwa mikisa, ndikuona amene akudzuka pa mpando ndi amene akukhala. Nyimbo za achinyamata zimadzutsa anzake a mkwati ndi mkwatibwi. Koma ukafuna kuti ankhoswe, azakhali ndi azibambo a majekete adzuke ndi ndalama m'manja, umaika Soja, umaika Mlaka Maliro, umaika Charles Nsaku. Ndipo si nyimbo za m'ma 1990 zokha. Ndinayamba kulowetsamo mwakachetechete za mu zimbale za Soja zatsopanozi, zomwe zija anthu ankazinyoza pa benchi. Dalaivala uja amene ankati ndale zamudya ndinamuona ndi maso angawa pa ukwati wa mwana wa mlongo wake, akuyimba mawu onse osaphonya, thukuta lili kamukamu. Nyimbo inangofunika ipeze kaye ukwati wake, ulendo wake wa pa minibasi, tsiku lake la chisoni, kuti ikhale ya munthuyo. Zimenezo sizichitika pa sabata yoyamba, pomwe tonse timathamangira kuweruza.

Ma CD otsala aja sindinawataye. Mphwanga ankati tiwagulitse motchipa kwa anthu omangirira m'minda kuopsezera mbalame, ine ndinakana. Ndinawaika mu katoni ya sopo, n'kuikankhira pansi pa kauntala. Mwa apo ndi apo munthu wochokera ku Joni kapena ku Lilongwe ankagula imodzi. Katoniyo inakhala pamenepo zaka 6.

Pa 30 June 2024 uthenga unafika kuti Soja wamwalira kuchipatala ku South Africa, kumene ankalandira thandizo la matenda a impso. Balaka inazizira. M'mawa mwake ndinatulutsa sipika imodzi pakhonde, n'kuyamba kuika zimbale zake motsatana kuyambira choyamba, osakweza kwambiri. Palibe amene ndinamuitana, koma benchi inadzazanso, ndipo ulendo uno panalibe wokangana. Amayi ogulitsa tomato ankabwera kudzaima pang'ono, chitenje chili pakamwa, n'kubwerera ku malonda awo. Anthu amene anabwera kudzakhuza maliro kuchokera m'maboma ena ankafunsa ngati pali chilichonse cha Soja choti anyamule, ndipo katoni ija inatuluka pansi pa kauntala. Mnyamata wanga wina anati tikweze mtengo poti anthu akulimbirana. Ndinamuuza kuti pa maliro sitikweza mtengo.

Patatha sabata chiikireni maliro, aphunzitsi aja anatulukira. Njinga anasiya kupalasa, anabwera pa kabaza, ndodo ili m'manja. Tinapatsana moni, tinapepesana ngati anthu oferedwa m'bale, kenako anati: "Achimwene, chija ndinabweza chija, chilipo?" Mu katoni munali mutatsala ma CD 9. Ndinatenga imodzi n'kupukuta fumbi ndi malaya. Anandiuza kuti wailesi yawo ya CD inafa kalekale, ndiye ndinawafunsa kuti akamvera pati. Anati akufuna amvere pompano, ngati sindikutanganidwa.

Ndinazimitsa zimene zinkalira, ndinaika CD ija, iwo anakhala pa benchi chipewa chili pa bondo. Anamvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osayankhula, makasitomala a machaja akulowa ndi kutuluka. Itatha anapempha bolopeni, anatsegula chikuto, n'kulemba tsiku mkati mwake monga ankachitira kale. Ndinakana ndalama yawo, iwo anaumirira, anaisiya pa kauntala n'kuitana wakabaza.