Anansi akayambana, mafuta athu adzera kuti?

Semesita ino ku Chirunga tili pa phunziro la ubale wa mayiko, ndipo aphunzitsi atipatsa funso loti tilembepo: dziko laling'ono ngati lathu lingakonzekere bwanji anansi ake akayambana? Anzanga ambiri athamangira kunena za mfuti ndi kuchulukitsa asilikali. Sindikuwadabwa, Cobbe Barracks ili pompano ndipo yunifolomu timaiona tsiku lililonse m'tauni. Koma zimene ndawerenga za m'ma 1980 zikundikokera kwina, ku nkhani ya njira.

Nkhondo ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo, inayamba mu 1977. Timaitcha yapachiweniweni, koma munali manja a mayiko ena: Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ndiyo inalera Renamo, kenako South Africa ya tsankho inapitiriza kuipatsa zida. Nthawi imeneyo katundu wathu wochuluka ankadutsa pa njanji ziwiri zokha, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zonse za m'dziko limodzi. Pofika 1984 zonse ziwiri zinali zitaima. Fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuyenda pa malole mpaka ku Durban, feteleza ndi mafuta kubweranso njira yomweyo, mtunda wotalika kangapo kuposa wa ku Beira. Mlimi wa ku Jali amene sanamvepo kulira kwa mfuti analipira nkhondoyo pa mtengo wa thumba la feteleza. Njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya tinayamba kuikonza zinthu zitavuta kale.

Gawo limene landivuta kwambiri ndi la ndale. Kamuzu anali pa ubale ndi boma la South Africa kuyambira 1967, anzake ambiri a m'chigawo chino akulipewa. Mu September 1986 Samora Machel wa ku Mozambique, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Kenneth Kaunda wa ku Zambia anabwera ku Blantyre kudzamuuza kuti Renamo ikubisala m'Malawi, ndipo Machel anaopseza kutseka malire. Chaka chotsatira asilikali athu anali akulondera njanji ya ku Nacala, kulimbana ndi Renamo yomweyo. Ena m'kalasi akuti kumeneku kunali kuchenjera. Ine ndikuona kuti tinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, chifukwa wogwira uku ndi uku amafika poti palibe mbali imene ikumukhulupirira.

Za othawa kwawo ndingonena mwachidule. Anaposa 1 miliyoni mtendere usanasainidwe ku Rome mu 1992, ndipo ku Nsanje anachuluka kuposa eni dera. Nkhuni, madzi ndi mankhwala m'zipatala zonse zinagawidwa.

Lero tili ndi matanki a mafuta a NOCMA ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, olowa malita 60 miliyoni, komanso nkhokwe za chimanga za NFRA ku Kanengo. Koma thanki yopanda mafuta ndi chitsulo chabe, ndipo kuti idzaze pamafunika ndalama zakunja. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique, malole anachedwa m'njira ndipo anthu anawolokeranso ku Nsanje.

M'pepala langa ndiika zinthu m'ndondomeko iyi: madoko a m'mayiko osiyana, nkhokwe zodzaza, akazembe omveka bwino ku SADC, asilikali pambuyo pake. Mnzanga wina wa m'gulu lathu akuti ndawanyoza asilikali, moti Lachisanu tikapitiriza mkanganowu pamaso pa aphunzitsi.