Tinakaona katumbu ku Cape Maclear

Tinanyamuka pa Dedza boma 5 koloko m'mawa kuzizira kwake kosayamba, anthu 14 a komiti yathu yosamala nkhalango, minibasi yodzadza ndi zikwama ndi mbatatesi yowiritsa. Pa Khwekhwerere potsetsereka kupita ku Golomoti amayi ena anangotseka maso mpaka tinafika pansi, kenako aliyense kuvula majuzi.

Nkhani ya pumbwa inayambira mu minibasi momwemo. A tcheya amati ulendowu ngongotaya ndalama, nyama yoti timayimva dzina lokha tikaionerenji pomwe pumbwa amatiimbira m'mawa uliwonse m'phiri la Dedza osalipira kalikonse. Ine ndinaseka koma mumtima ndimagwirizana nawo pang'ono.

Ku Otter Point, m'kati mwa Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, mnyamata wotilondolera anayamba kutionetsa ndowe pamwala! Zouma, zotuwa, zodzadza mamba ansomba ndi tizibenthu ta nkhanu. Anati apa ndiye pomwe katumbu amadyera. Tinakhala chete pafupifupi ola lathunthu dzuwa likuswa mtengo, kenako kamutu kanatulukira m'madzi, ndevu zili nyankha, pakhosi timadontho toyera, kanatiyang'ana kamodzi basi n'kumira osachita phokoso ngakhale pang'ono. Pumbwa akanakhala iye bwenzi mudzi wonse utadziwa kuti wafika, amaima pansonga ya mtengo kulengeza, ndipo papaya wakupsa samusiya.

Asodzi amene tinacheza nawo katumbu samukonda ayi, akuti amang'amba maukonde kuba nsomba. Ifenso tinawauza za pumbwa ndi tsabola wathu, tinaseka limodzi.

Chomwe chinandikhala mumtima n'choti katumbu wa madonthoyu amasaka ndi maso, madzi akada ndi matope amavutika kupeza nsomba. Ndiye matopewo amachokera kuti, si kwathu kumtunda? Linthipe amayambira mbali ya kwathu konkuno n'kukathira m'nyanja ku Salima, tikameta phiri ndi makala dothi lonse limatsetsereka. Pumbwa uja akadya zipatso za kachere kapena mkuyu amakataya njere kwina m'zitosi, mitengo n'kumera yokha, ntchito yomwe ife timaigwira ndi machubu ndi makeni.

Pobwerera a tcheya anati chabwino, katumbu ndamuona, komabe pumbwa ndiye bwana chifukwa ndi amene akumusungira madzi. Palibe anawatsutsa, aliyense anali bize ndi usipa wowotcha womwe tinagula pa Monkey Bay.