Tsiku lomwetsa ana mankhwala a likodzo

Lero kusukulu kwathu timamwetsa ana mankhwala a likodzo ndi a njoka za m'mimba. Phala linapsa mochedwa, ndiye tinayamba dzuwa litakwera kale, pakuti mankhwala a likodzo, praziquantel, safuna m'mimba mopanda kanthu. Ine ndimaimika ana pandodo yoyezera msinkhu, wazaumoyo n'kumawerenga mapiritsi.

Mzere uli pakati, mayi wina anafika atagwira mnyamata wake padzanja. "Aphunzitsi, uyu yekha asamwe. Ndamva kuti njoka zimateteza ku mphumu ndi ziwengo, mukazipha mwana amayamba kubanika."

Sindinawatsutse msanga, chifukwa nkhaniyi ili ndi pochokera. Asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi njoka, monga IgE ndi maselo otchedwa eosinophil, ndi omwewonso amadzuka munthu akapuma fumbi kapena mungu, n'kuyamba kuyetsemula, kuyabwa ndi kubanika. Njoka, pofuna kukhalitsa m'thupi, zimawagoneka tulo asilikaliwo. Ku Gabon, kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti pakati pa ana odwala likodzo, lomwenso limayamba ndi tinjoka ta m'magazi, ndi ochepa amene khungu linkatupa poyezedwa ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba. Ku Entebbe, m'dziko la Uganda, makanda a amayi amene anamwa albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba, ali oyembekezera ankatuluka zoyabwa pakhungu kuposa anzawo. Koma ku Ecuador ana asukulu anamwa albendazole kwa chaka chathunthu, ziwengo osachuluka. Komanso njoka zazitali zija, ascaris, zikadali zazing'ono zimadutsa m'mapapo, mwana n'kumatsokomola ndi kulira pachifuwa.

Zonsezi sindikanazilongosola padzuwa lija. Ndinangofunsa kuti, "Mayi, mwanayu akamakodza mumaona magazi?"

"Eya, kumapeto kwake. Koma anyamata onse osambira kunyanja amatero."

Mawu amenewa anandipweteka mumtima. Magaziwo ndi mazira a likodzo akubowola chikhodzodzo, ndipo zikatenga zaka amasiya zipsera, mwinanso khansa. Mnyamatayu ndimamudziwa, amawodzera m'kalasi, zikhatho zili mbuu. Mphumu imene mayi ake akuiopa sanadwalepo n'kamodzi komwe.

Wazaumoyo anacheza nawo pambali, nawauza kuti mwana akadzayamba kubanika athamange naye kuchipatala. Mayi aja anakhala phee kanthawi, kenako anatunga okha madzi m'ndowa n'kumupatsa mwana kapu. Atameza, anakhala naye pansi pa mtengo wa mango mpaka chizungulire chitatha, akumukupiza ndi nsonga ya chitenje.